Mpasa wa Dzulo

M'khitchini mwanga muli mphika umodzi umene adzukulu anga amauseka. Ndi wautali ngati mwendo wa munthu wamkulu, wopapatiza, uli ndi chivundikiro chake ndi kathireyi kabowobowo kolowa m'kati. Amandifunsa ngati n'chomwera nkhumba. Ine ndimawayankha kuti ndi wophikira nsomba yathunthu osaidula, ndipo kuti ndinaugula ku Karonga ndili mtsikana. Zoti ndi wa nsomba n'zoona. Zoti ndinaugula ndi bodza, ndipo ndalinena zaka zambiri moti pakamwa panazolowera. Mwini wake anali mkulu wina, khukhi, amene ine ndinamuchotsetsa ntchito. Ndikuti ndilembe mmene ndinachitira, poti onse amene akananditsutsa kapena kundiikira kumbuyo anatsogola kale.

Ndinafika ku Karonga nthawi ya chipani chimodzi ija, pamene munthu sunkalowa mumsika kapena kukwera basi wopanda kadi ya chipani. Ndinali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu. Boma linanditumiza kukayang'anira resitihausi ina yaing'ono, ya zipinda zinayi, m'mbali mwa msewu wopita ku Chilumba. Ndisaname kuti ndinaposa anzanga nzeru. Amalume anga ankadziwana ndi anthu oyenera, basi. Kwathu ndi ku Dedza, kumene m'mawa umapuma utsi m'kamwa, koma ku Karonga ndinkadzuka malaya atamata kale pamsana. Kondowole, nsima yawo ya chinangwa, ankandikakamira pakhosi. Anthu ankandilankhula Chichewa chaulemu ndikaima pamaso pawo, ndikangotembenuka n'kubwerera ku Chitumbuka chawo akuseka. Mwina sankaseka ine. Koma ukakhala kuti chinenero sukuchimva, kuseka kulikonse umati n'kwako.

Akhukhi ndinawapeza pomwepo. Anali a ku Sangilo, aatali, owonda, a imvi, oyenda pang'onopang'ono. Asanabwere ku resitihausi anaphikira dokotala wina wa ku Sikotilandi zaka zambiri, ndipo mkazi wa dokotalayo pobwerera kwawo anawasiyira mphika wautali uja ndi jekete yoyera ya mabatani achikasu. Ankakhala m'kanyumba ka kuseri kwa khitchini ndi akazi awo, amene miyendo inali itafa. M'mawa uliwonse ankawanyamula n'kukawakhazika pamphasa pansi pa mtengo wa mango, madzulo n'kuwanyamulanso. Lachiwiri lililonse ankawakweza panjinga kupita nawo kuchipatala kukabayitsa jekeseni. Kumudzi kwawo chipatala chinali kutali. Choncho kanyumba kaja ndiko kankasunga moyo wa mayiwo, ndipo kanali ka ntchito: ntchito ikatha, kanyumba nako katha. Zimenezi ndinkazidziwa bwino lomwe, ndipo amene akuwerenga asandichepetsere mlandu poganiza kuti ndinali mwana.

Chimene anandilakwira n'chaching'ono moti ndikuchita manyazi kuchilemba. Linali Lachiwiri, iwo ali kuchipatala, pamene msodzi anabweretsa mpasa wauwisi. Tinali ndi alendo awiri, alangizi a mpunga opita ku Hara. Ndinati lero aone kuti kwathu nakonso timaphika. Ndinaidula nsomba ija mapisi, kuikazinga m'mafuta ambiri mpaka kuuma gwa, kenako tomato, anyezi ndi ufa wa kale wokometsera ndiwo. Alendo anadya n'kunyambita zala. Akhukhi atabwera anaima pa chiwaya n'kuyang'ana mutu umene unatsala, nthawi yaitali, ngati pali maliro.

"Somba iyi wakazinga ndani?"

"Ndine, dada," ndinatero, ndikudikira kuyamikiridwa.

"Mama, msodzi anayipha kamodzi. Imwe mwayipha kachiwiri."

Sananene mwaukali. Anangonena monga munthu anenera kuti kunja kukubwera mvula, n'kupita kukasamba m'manja. Koma mayi wochapa zovala anali pakhomo, ndipo anaseka mpaka kukhala pansi. Kuyambira tsiku limenelo ndikamadutsa pa chingwe choyanikira, mayiyo ankachita ndi mano kuti "tsssss," kutsanzira mafuta a m'chiwaya, osandiyang'ana n'komwe. Mlonda naye anaphunzira. Akhukhi ndikhulupirira anaiwala mawu awo dzuwa lisanalowe. Ine ndinawasunga, ndipo chakukhosi ndimadziwa kuchisunga kuposa mmene ena amasungira mbewu.

Mpasa wawo wachizungu ndinauona koyamba patapita miyezi iwiri, atabwera mzungu wina woyeza ngalande za ku Hara. Ndinaima pakhomo la khitchini ndikunamizira kupinda matawulo. Iwo ankadziwa kuti ndikuonerera, ndipo anayamba kulankhula mokweza ngati akuuza mphika.

Anati mkazi wa dokotala uja ankanena kuti mpasa ndi mbale wake wa nsomba ya kwawo yotchedwa samoni, poti zonse zimasiya madzi aakulu n'kukwera mitsinje kukaikira mazira, ndipo zonse zimabwera ndi mafuta akeake m'thupi. Nsomba yotere siifuna mafuta a m'botolo. Anaitumbula pang'ono pamimba, kuitsuka magazi a pamsana ndi chala, mutu ndi mchira osachotsa. Anaigoneka pa kathireyi kaja n'kuthira madzi ozizira mpaka itamira. Mchere dzanja lodzaza, viniga pang'ono, anyezi mmodzi wodula pakati, njere za tsabola wakuda, ndi masamba atatu a mandimu m'malo mwa masamba ena amene anati kuno samera. Kenako moto wofatsa, makala ochepa, iwo ali chiimire osachoka. Madzi atangoyamba kutulutsa timathovu, anavula chipewa n'kunena pemphero la Ambuye kawiri, m'Chitumbuka, osathamanga. Pa ameni wachiwiri anaphula mphika, kuvundikira, n'kukauika pakona.

"Mbwenu yatha," anatero. "Sono yiphike yokha. Amene avundukule ndimudula dzanja."

Nsomba ija inagona m'madzi ake mpaka m'mawa. Ataitulutsa anaisenda khungu ndi kampeni, linachoka ngati sokosi, n'kupala kamnofu kotuwa ka pamwamba. Anadula nkhaka mopyapyala moti unkaona chala kuseri kwake, n'kuziyala pathupi pa nsomba ngati mamba. Pambali anaika mbatata ya kachewere yowiritsa ndi msuzi wachikasu wa dzira, umene ankaupanga pothira mafuta kadontho kamodzikamodzi akutakasa mpaka mkono kuuma. Mzungu uja anadya mwakachetechete, kenako anabwera yekha kukhitchini kudzawagwira chanza. Akhukhi anandiikira kachidutswa pa sosala.

"Lawani, mama."

"Kwathu chakudya chogona timati mkute," ndinatero. "Timapatsa ana ndi agalu."

Anangogwedeza mutu n'kupatsa mlonda. Kunena zoona malovu anali atadzaza m'kamwa, koma ndikanalola kufa kusiyana n'kuti mayi wochapa andione ndikudya.

Mvula itayamba kutha, nthawi imene mpasa umakwera mitsinje, tcheyamani wa chipani wa m'dera lathu anabwera panjinga thukuta lili kamukamu. Anati bwana wamkulu wa chipani wochokera ku likulu adzachititsa msonkhano Loweruka, ndipo nkhomaliro adzadyera kwa ife. Anati tiphike zapamwamba, tisamuchititse manyazi. Bwanayo ndinkamudziwa ndi mbiri. Anali wa chigawo chathu chapakati, munthu wokulira kubusa ng'ombe amene anakwera chifukwa cha pakamwa, ndipo ankanenedwa kuti anamenyapo dalaivala wake chifukwa cha tiyi wopola.

Madzulo ake akhukhi anabwera ku ofesi kwanga. Chiyambire anali asanagogodepo pachitseko chimenecho. Anaima chipewa chili m'manja.

"Mama, ndafuna ndifunseko. Somba ya chizungu yija ndiyo ulemu ukulu chomene umene ine ndikuwudziwa. Abwanamkubwa ndawaphikira, mabishopu ndawaphikira. Kweni imwe munati kwanu chakudya chogona ndi cha agalu. Bwana uyu ngwa kwanu. Ine mitima ya anthu a kwanu sindikuyidziwa yayi. Angadye?"

Ndi funso lokhalo limene anandifunsapo m'moyo wawo wonse. Munthu wa imvi, wodziwa ntchito yake kuposa mmene ine ndidzadziwire chilichonse, anabwera kudzabwereka nzeru kwa mwana wa dzulodzulo chifukwa ankaopera akazi awo. Ndikanangoti, dada, muphike nkhuku. Mawu atatu. M'malo mwake ndinamva kukoma, ngati munthu waona mbewa ikununkhiza msampha.

"Aaa, dada, musandiyerekeze ine wakumudzi ndi bwana ameneyu," ndinatero ndikuseka. "Ameneyu anakhala kunja, amadya ndi foloko. Mukamupatsa nkhuku adzati ku Karonga kulibe khukhi. Muphikireni nsomba yanu ija."

"Nadi, mama?"

"Zoonadi."

"Yewo chomene," anatero, nkhope itamasuka. Anandithokoza kawiri.

Ndakhala ndikudziuza kuti ndinkangofuna achite manyazi pang'ono, aone mmene zimawawira kusekedwa. Koma sindinali chitsiru. Masiku amenewo manyazi a pamaso pa munthu wamkulu ankabwera ndi galimoto yodzakutenga pambuyo pake, ndipo aliyense ankadziwa.

Lachisanu m'mawa anapalasa njinga okha kupita kumene mtsinje umathira m'nyanja, poti sanafune nsomba yosankhidwa ndi wina. Anabwera ndi mpasa wamkulu wokulunga m'masamba a nthochi, maso ake ali mbee, ndi kena kakang'ono pambali. Masana anaphika monga mwa nthawi zonse, pemphero kawiri, chivundikiro, pakona. Ine ndinatuma mlonda kukagula nkhuku zitatu, ndinati ndi za madalaivala ndi anyamata operekeza. Loweruka m'mawa ndinazipha ndekha, kuzidula, kuziwiritsa n'kuzivundikira mu sitolo, tomato ndi anyezi zili zodulidwa kale pambali. Munthu wongofuna kuseketsa mnzake sakonzeka chonchi.

Akhukhi m'mawa umenewo anali ngati mkwati. Jekete anaisita okha, mabatani anawakwecha ndi phulusa. Akazi awo anapempha kuti mphasa aisunthire pafupi ndi khomo la khitchini kuti aione nsomba ikamatuluka. Atamaliza kuyala nkhaka anandiitana n'kutsegula firiji yathu ya parafini. Munali sosala yovundikira ndi mbale.

"Kasomba kachoko kaja ndaphikira imwe," anatero. "Alendo akapita mudzalawe nokha, popanda wokuonani. Mudzadziwe waka."

Ndiye kuti ankadziwa chimene chinandikanitsa tsiku lija. Zinandipsetsa mtima kuposa mawu a m'chiwaya aja.

Bwana anafika dzuwa litapendeka, mochedwa ndi maola atatu, ali ndi njala ya fisi. Amayi a chipani anali akuimba panja kuyambira m'mawa, nsalu zawo zitanyowa ndi thukuta, mawu atasasa. Analowa n'kukhala kumutu kwa tebulo, pansi pa chithunzi chimene chinkapachikidwa pakhoma lililonse masiku amenewo. Anali wamfupi, wa khosi lonenepa, wovala suti yakuda bii m'kutentha konse kuja. Tcheyamani wathu ndi akuluakulu ena asanu anakhala m'mbali. Ine ndinazungulira ndi beseni losambitsa m'manja, ndipo atamva kalankhulidwe kanga anafunsa kwathu. Nditati ku Dedza anamwetulira n'kunditcha mwana wake.

Kenako akhukhi analowa atanyamula mbale yaitali m'manja awiri. Ndinene chilungamo: chinthu chokongola chotere sindinachionenso patebulo. Anaika pamaso pa bwana, kubwerera mapazi awiri, n'kuima njo.

Bwana anaiyang'ana. Anadikira utsi, utsi osatuluka. Anatambasula dzanja n'kuikhudza ndi kuseri kwa chala, monga mayi ayezera mwana malungo.

"Madala, nsombayi yaphikidwa liti?"

"Dzulo, bwana," anatero akhukhi monyadira. "Yagona m'madzi ake usiku wose. Ndiyo nthowa yake yophikira, bwana, ya ku Sikotilandi."

"Dzulo."

"Inde, bwana."

Bwana anatsamira mpando n'kuyang'ana anzake mmodzimmodzi. Sanakalipe. Anthu ngati amenewo akamafuna kukupweteka amayamba ndi nthabwala.

"Amati mawu a akulu amakoma akagonera," anatero. "Za ndiwo sindinamvepo. Atcheya, kodi kuno mlendo mumamusungira mkute?"

Tcheyamani anayesa kuseka, kuseka kunakana.

"Ndachoka kutali, ndatumidwa ndi mwini dziko, ndipo mwandipatsa nsomba yogona, yozizira ngati mtembo, mwaiveka nkhaka kuti ndisaone. Azungu anu aja tinawathamangitsa, madala. Kapena simunamve? Kapena mukuwadikira abwerenso? Inu a kuno mumati sukulu munayamba ndinu, ife ndife abusa a ng'ombe, tingadye chilichonse. Wakuuzani kuti muphike chonchi ndani?"

Akhukhi anatembenuka n'kundiyang'ana. Sanali kundiloza. Ankangodikira kuti ndifotokoze, poti ine ndi amene ndinkadziwa mitima ya anthu a kwathu. Ndinagwada pansi beseni lili m'manja.

"Bwana, ine ndinawauza kuti aphike nkhuku," ndinatero. "Sandimvera. Amati ndine mwana, sindidziwa kuphika. Nkhukuzo ndakonza ndekha mobisa, mukandilola ndibweretsa pompano."

Mawuwo anatuluka osakakamira pena paliponse. Kodi akhukhi akanati chiyani? Mawu a khukhi wa ku Sangilo ndi mawu a mwana wa bwana sakanalemera mofanana, ndipo iwo anazindikira zimenezo msanga kuposa ine.

"Mwaona?" anatero bwana. "Mwana wa kwathu. Pita, mwana wanga. Koma madalawa nsomba yawo yazizira, tiyeni tiwathandize kuitenthetsa."

Anyamata awiri a chipani, a malaya ofiira, anawatulutsa akhukhi panja n'kuwagwadiritsa pamiyala ya pabwalo, padzuwa, mbale ija ataisenza pamutu ndi manja awiri. Amayi oimba aja anauzidwa kuti asasiye nyimbo. Ine ndinali kukhitchini, mafuta ali tsssss m'chiwaya, ndipo tsiku limenelo palibe anatsanzira. Pazenera ndinkawaona. Msuzi wa dzira unasungunuka n'kuyenderera m'manja, kulowa m'mikono ya jekete yoyera. Nkhaka zinafota n'kuyamba kugwa imodziimodzi. Ntchentche zinabwera. Manja akanjenjemera, mnyamata mmodzi ankawagogoda chigongono ndi ndodo. Akazi awo anali pamphasa paja, mapazi khumi okha kuchokera pamene amuna awo anagwada, osatha kuimirira, osatha kuchoka. Sanalire. Anangofunda chitenje kumutu.

Bwana anadya nkhuku yanga ndi mpunga wa ku Hara, anawonjezera kawiri. Anati ndiwo zake ndi zimenezi, zotentha, zofiira, zoti munthu utuluke thukuta. Anati adzandikumbukira, ndipo anandikumbukiradi. Ndinakondwa. Ndikulemba mawu amenewa dzanja likukana, koma ndinakondwa.

Potuluka anaima pamaso pa akhukhi akutokosa m'mano. Anafunsa kadi, iwo anali nayo m'thumba la jekete. Anafunsa ya akazi awo. Mayi wosayenda, wosapita kumsika, wosakwera basi, kadi yake inali ya chaka chatha. Bwana anangoti, "Ndimadziwa ine." Mbale ija anaikankha ndi nsonga ya nsapato mnyamata ataitsitsa, nsomba n'kugwera m'fumbi, agalu a mlonda n'kuilimbirana. Anyamata aja anawakweza akhukhi kumbuyo kwa galimoto jekete ili chivalire. Sanawalole kukanyamula akazi awo kuwalowetsa m'nyumba. Anawalowetsa ndi mlonda ndi mayi wochapa, mmodzi kumapewa wina kumiyendo.

Magalimoto atapita ndinalowa m'khitchini kukatsuka. Nditatsegula firiji kuti ndiikemo nkhuku yotsala, ndinaona sosala ija. Ndinatseka chitseko cha khitchini. Ndinadya chiimire, ndi zala.

Sindidziwa mmene ndingafotokozere. Mnofu unkapatukana wokha m'magawo, wofewa, wonona, mchere utalowa mpaka pafupa, kafungo ka mandimu kali patali. Kwa nthawi yoyamba ndinamva kukoma kwa nsomba yeniyeniyo, osati kwa tomato kapena mafuta. Zaka zonse ndinkadya chiwaya ndikumati ndikudya nsomba. Ndinatola timinga tonse n'kutiyamwa, ndinapukuta msuzi wa dzira ndi chala. Munthu uja sananame: nsomba ya m'chiwaya ija ndinaipha kachiwiri. Ndinatsuka sosala, kuipukuta, n'kuibwezera pakati pa zinzake kuti pasaoneke kanthu.

Lolemba kunabwera uthenga woti kanyumba ka khukhi kakhale kopanda munthu pofika Lachinayi. Wokanena ndinali ine, poti ndinali woyang'anira. Mayiwo anamvetsera, n'kundifunsa m'Chichewa chothyokathyoka ngati ndikudziwa kumene amuna awo awapititsa. Sindinkadziwa. Abale awo anabwera kudzawatenga pangolo ya ng'ombe, pamodzi ndi mphasa, mipando iwiri ndi njinga. Mlongo wawo wa akhukhi anafunsa za mphika wautali. Ndinati zonse za m'khitchini ndi katundu wa boma. Tinamva kuti mayiwo anamwalira ku Sangilo mvula yotsatira isanathe. Mayi wochapa sanandilankhulenso kupatula za ntchito, ndipo kunena zoona ndinkalakalaka atayambiranso kundiseka.

Khukhi wina sanabwere, khitchini inakhala yanga. Mzungu wa ngalande uja atabweranso anafunsa nsomba ija. Ndinatsitsa mphika. Zonse ndinali nditaziona ndikupinda matawulo: mchere, viniga, masamba atatu, makala ochepa, pemphero kawiri. Yoyamba inaphwanyika poitulutsa, yachiwiri inatheka. Posakhalitsa azungu odutsa msewu umenewo ankauzana za mtsikana wa ku Dedza wodziwa kuphika mpasa wozizira. Akandifunsa amene anandiphunzitsa, ndinkati ndinangoyesa ndekha. Anthu a chipani ndinkawaphikira nkhuku.

Akhukhi anabwera patapita mvula ziwiri. Kunali m'mawa, ndikusenda nsomba khungu, ndipo ndinangoona mthunzi pakhomo la kuseri. Sindinawazindikire msanga. Anali atafupika, mano akutsogolo kulibe, atavala malaya a munthu wina. Sanalowe. Anaima pamene ankaima asodzi.

Ndinali nditakonzekera tsiku limeneli kwa zaka ziwiri. Akanati mphika ndi wanga, ndinali ndi yankho. Akanati munandinamiza, ndinali nalo. Akanatukwana, ndikanaitana mlonda. Ndinagwira kampeni kaja mwamphamvu.

"Monire, mama."

"Muli bwanji, dada."

Anayang'ana nsomba imene inali patebulo, mphika uli pambali ukudontha madzi. Anaiyang'ana mmene anayang'anira mutu wa m'chiwaya uja, nthawi yaitali.

"Kamnofu kotuwa ako palani kose," anatero. "Kamawawa."

Ndinapala. Manja anangomvera okha.

"Ndikupita ku Sangilo, ndangodutsa waka. Kweni pali chinthu chimodzi chimene chinandisuzga kumene ndinali kuja. Somba ya tsiku lija. Masamba a mandimu anali atauma, ndinaikamo khungu la ndimu. Sindinachitepo nakale. Ndinkaganiza usiku na muhanya, mwina yinawawa, panji bwana akanalawa akanayitaya ndithu. Yikulu yija anadya agalu, ndinawona. Kweni kachoko kaja, ka pa sosala. Munalawa, mama?"

Zaka ziwiri m'malo amene anawachotsa mano, akazi awo atamwalira iwo kulibe, ndipo chimene anabwerera pakhomo panga chinali chimenechi. Sankafuna kundigwira mawu. Ankafunadi kudziwa. Ine ndekha padziko lonse ndi amene ndinali ndi yankho, ndipo linali yankho labwino, laulere, loti akanapita nalo kumudzi. Koma kuti ndinene kuti inali yokoma, ndikanayenera kunenanso zina zonse, kuyambira pa chiwaya mpaka pa beseni lija ndinagwada nalo. Ndinaona mayi wochapa ataima pa chingwe, chovala chili m'manja, akumvetsera.

"Ndinapatsa galu," ndinatero.

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati ndawauza mtunda wa ulendo.

"Ipo palije amene analawa."

"Palibe."

"Yewo, mama," anatero. Anavala chipewa n'kutembenuka. Podutsa pa mtengo wa mango anaima pang'ono, n'kupitirira kumsewu kukadikira basi. Za mphika sanafunse.